Satifiketi ya Delbert

Ndine amene ndimataipa mayina.
Chaka chilichonse Epulo akamatha
makina osindikizira a mu ofesi yathu amayamba kutsokomola,
ine n'kumawasisita pamsana ngati mwana wa chifuwa
mpaka atalavula mapepala makumi atatu a mkombero wagolide.

Koleji yathu ndi yaing'ono, kumadzulo kwa Nebraska kuno,
pakati pa njanji ndi minda ya tirigu yosaoneka malire.
Ophunzira athu amafika ndi yunifolomu ya kuntchito ili m'thupi,
wina fungo la girisi, wina la mankhwala a kuchipatala,
mwana kudzanja, buku m'khwapa.

Lero tasonkhana m'holo ya masewero.
Mipando yachitsulo ikulira ikakokedwa,
khofi wapola kale, keke yadulidwa mokhota,
ndipo mkulu wa koleji wayamba ndi nthabwala ya chaka chatha ija.
Taseka ndithu. Mwambo ndi mwambo.

Marisol Ybarra ndi anzake anayi a ku ofesi ya fizi,
amene anaimbira foni ophunzira mazana atatu
osowa mwakachetechete pakati pa teremu.
Anabwerera makumi anayi okha.
Okha?
Marisol amawadziwa onsewo, ndi mayina a ana awo omwe.

Arlene Tvrdik wa mulaibulale, zaka makumi atatu.
Dzina lake ndinalilakwitsapo kawiri,
zilembo zinayi zothithikana popanda popumira.
Sanandikalipire.
Anangotulutsa cholembera chofiira m'tsitsi lake la imvi
nakonza yekha, naipachika choncho pakhoma.

Aphunzitsi owotcherera zitsulo aimirira atatu pamodzi,
mataye akuwakola pakhosi.
Kalasi yawo yonse yapeza ntchito chaka chino.
Akuwomba m'manja mogontha, zikhatho zonse zipsera.

Delbert Hruska.

Zii.

Delbert Hruska, kachiwiri,
makosi akutembenuka, chitseko chili chitsekere.

Januwale uja, chipale chofewa chitameza misewu yonse,
ife tili m'mabulangete kunyumba kumvera wailesi,
iye anagona masiku atatu m'chipinda chapansi
pambali pa ng'anjo yotenthetsa nyumba,
kudya mabisiketi, kumwa madzi a pampopi,
kudzuka pa maola awiri aliwonse kukamvetsera mapaipi
ngati mzamba pamimba ya wodwala.
Lolemba lake ophunzira unamwino anapeza kalasi yofunda,
anavula magolovesi nalemba mayeso.
Palibe anafunsa kuti kutenthako kwachokera kuti.

Mkulu wa koleji wandiyang'ana.
Ndatenga pepalalo, ndatsika masitepe.

Ndamupeza m'chimbudzi cha amuna cha nyumba yachitatu,
atagwada m'madzi, mutu pansi pa sinki,
tochi kukamwa, sipanala m'manja,
dontho likugwera m'chitini, tho, tho, tho.

Ndati, akuitanatu kumtundaku, kawiri konse.
Walavula tochi.
Wati, madzi sadikira mwambo.
Ikani pawindopo, manja anga anyowa.

Ndaima pomwepo kakasi, nsapato zanga za pamwambo zikumwa madzi,
ndipo poti panalibe wina woti achite,
ndamuwerengera ndekha mokweza,
mawu onse, ndi deti lomwe,
makoma a matailosi akundibwezera liwu langa.
Kenako ndawomba m'manja.
Munthu mmodzi kuwomba m'manja m'chimbudzi,
phokoso lake ndi lochititsa manyazi,
koma sindinasiye msanga.

Watulutsa mutu, wapukuta chala chimodzi pa ovololo,
walondola nacho dzina lake chilembo ndi chilembo.
Wati, simunaiwale H woyambayo. Ambiri amamusiya.

Dontho lasiya.
Tonse awiri tamvetsera kanthawi, kuti titsimikize.
Kumtunda akukokabe mipando.

Wati, keke yatsalako?